Chimera Chimene Ndinataya Kudzala

Mwana wanga Tiyamike,

Pepa pokuvutitsa ndi kalata pamene uli ndi katundu woti umange. Ndikudziwa udabwa kuti ine mayi ako, amene tikudyera mbale imodzi, ndikukulembera ngati uli ku Joni. Ndayesa kawiri sabata ino kuti ndikuuze pakamwa. Lachiwiri lija tikuswa mtedza ndinayamba ndithu, koma utangotukula maso ndinathera kukufunsa za nsapato. Ukundidziwa. Ndiye ndathothola mapepala pakati pa kope la mng'ono wako Mphatso, ndipo ndakhala kuseri kwa nkhokwe masana ano inu muli kudambo kochapa. Ukawerenge ukafika ku Nathenje, pamalo poti palibe wokusuzumira.

Mawa amuna ako akubwera kudzakutenga chitengwa, iwe ndi mwana wako Madalo. Mwezi wamawa Madalo akwanitsa miyezi isanu ndi umodzi, ndipo ayamba phala uli kutali ndi ine. Chimenechi ndicho chandilembetsa. Pansi pa chikwama chako, m'chitenje chobiriwira chija, ndakulungamo chitini chotseka bwino. Muli ufa wa chimera cha mawere. Ndameretsa ndekha, ndayanika ndekha, ndasefa kawiri. Ndi wa phala la mwana. Usautaye, ndiponso usaubise.

Ndikuti usaubise chifukwa ndinamva zimene apongozi ako a Naphiri ananena pa chinkhoswe chako. Titawapatsa chikho cha thobwa anachikankha ndi kuseri kwa dzanja, nkuti, "Ine ayi, asebere. Thobwa likagona masiku atatu limayamba kuyimba nyimbo. Kwanga chimera sichilowa, ngakhale chobwera ndi m'busa." Anthu anaseka, iwenso unaseka. Ine sindinaseke. Sindikuwanena, ayi. Ndinamva kuti malemu amuna awo anatha ndi mowa, ndipo munthu amene analumidwa ndi njoka amathawa ndi luzi lomwe. Koma ndinakuwona mmene unagwetsera nkhope pamene anakuyang'ana, ndipo ndinadziwona ndekha ndili msinkhu wako. Ndikuwopa kuti ukangowona maso awo ukakhuthula chitini chija kuseri kwa nyumba. Ndikuwopa chifukwa ine ndinachitapo zomwezo, ndipo palibe amene ndinamuwuza.

Mlongo wako Limbani sumamukumbukira bwino, unali ndi zaka zinayi pamene anatisiya. Kulakwa kwanga koyamba pa iye kunali kunyadira ufa woyera. Ndinali ndikadali mtsikana pabanja, ndinkafuna anthu azinena kuti mkazi wa a Mbewe ndi waukhondo. Ndinkakonola chimanga mpaka gaga yense kuchoka, kuviika mphale masiku atatu, kutsuka, kuyanika, ufa nkuyera ngati laimu. Gaga uja, pamodzi ndi kamtima ka njere kamene kamamera, ndinkapatsa nkhumba za eni ake. Nkhumbazo zinkanenepa. Phala la mwana ndinkaphika ndi ufa womwewo. Ndikaphika lolimba ankalilavula, ndiye ndinkathira madzi, nkuthiranso, mpaka lizitsika m'kapu ngati tiyi. Iye ankamwa, mimba nkukwera, ine nkumati mwana wakhuta. Anali atakhuta madzi. Iwe phala la Madalo uziphika la mgaiwa. Akakuseka kuti ndiwe waulesi pa mtondo, asekeni nawo.

Amene anawona msanga kuti zinthu sizili bwino anali azakhali ako a Nambewe, mlongo wawo wa bambo ako, aja ankaphika masese kutsidya kwa msewu. Unawapeza atakalamba, koma pakamwa pawo panali pomwepo. Tsiku lina anandipeza pakhonde ndikumwetsa Limbani. Analanda kapu, kupendeketsa, nkuti, "Alamu, ili ndi phala kapena madzi otsukira mbale? Mwana wa achimwene anga mukufuna asanduke chule?" Ndinangoti amakana lolimba. Anamutukula, kumuyang'ana m'mbali mwa milomo mmene munali tizilonda, kumusisita tsitsi limene linayamba kufiira. Sanasekenso. Anati, "Mawa mubwere ndi lichero." Ndinapita. Ananditapira chimera cha mawere chimene anameretsa cha mowa wawo, chosauma bwino, nkuti, "Mukayanike masiku awiri, mukasinje. Muziphika phala lolimba la mgaiwa, mukaphula muzithiramo kasupuni kamodzi, muwone matsenga. Ine ana asanu ndalera ndi chimenechi, onse ndi zimphona, kumwa kokha ndiye atengera ine." Ndinathokoza, ndinafunditsa lichero ndi chitenje chawo, ndinadzera njira ya kumunda kuti anthu asandiwone ndikuchokera kunyumba ya mowa.

Tsopano kulakwa kwachiwiri, kumene kuli kwakukulu. Nthawi imeneyo ndinali m'kalasi yobwerera mu mpingo. Ndinadulidwa chifukwa ndinatenga pakati pa iwe tisanadalitse ukwati. Mlandu unali wathu ine ndi bambo ako, iwe ulibe gawo pamenepo, umve bwino. Ndinakhala zaka ndikukhala kumbuyo m'tchalitchi, anzanga akudya mgonero ine ndikuwerenga malata. Chaka chimenecho kunatsala miyezi iwiri kuti andilandire. Ndiye tsiku lachiwiri, chimera chili padzuwa pa mkeka, ndinawona njinga ziwiri zikukhota panjira yobwera kwathu. Anali akulu a mpingo. Kunalibe ukwati kapena chinkhoswe pamudzi choti ndinene kuti ndi cha thobwa, ndipo aliyense ankadziwa kuti mlamu wanga ndani. Ndinaganiza kuti anena kuti ndikuthandiza kufulula mowa. Ndinakulunga mkeka, kuthamangira kudzala, kukhuthula chonse, nkuthira phulusa pamwamba.

Akulu aja anakhala pampando, anamwa madzi. Anabwera kudzandiwuza kuti kalasi yasintha, izikhala Lachisanu m'malo mwa Lachitatu. Basi. Mmodzi wa iwo, bambo wofatsa ndithu, anayang'ana Limbani nkuti, "Mayi, mwanayu akudya bwino?" Ndinati eya. Tikulankhula choncho ndinkamva nkhuku zikupalasa kudzala. Mpaka lero sindidziwa ngati akanandidzudzula. Mwina ndikanangonena kuti ndi za phala la mwana akanati chabwino. Sindinawapatse mpata woti akane kapena avomere. Ndinadziweruza ndekha iwo asanatsegule pakamwa. Iwe usadzatero, Tiyamike. Munthu aziyamba wakana ndi pakamwa pake, usamamukanire mumtima mwako.

Patapita sabata ndinabweza chitenje chimene anandibwereka azakhali ako. Anafunsa ali pamoto, "Nanga chule wathu?" Ndinati, "Akudya bwino, alamu, zikomo." Anati, "Ndinakuwuzani! Chikatha mubwerenso." Sindinapitenso. Bodza limenelo linanditsekera khomo, chifukwa kuti ndikapemphe china ndinayenera kuyamba ndawulula. Mawere ndinalibe, ndipo kumeretsa chimanga ndekha ndinkawopa maso omwe aja. Ndinabwerera ku phala langa lamadzi. Anandilandira mu mpingo pa nthawi yake, ndinavala zoyera, amayi analuluta. Limbani anali kumsana kwanga, wopepuka ngati mtolo wa udzu.

Mvula itayamba anatsegula m'mimba, kenaka mapazi anayamba kutupa. Anthu anati ndi tsempho, kuti bambo ako anayenda kumbali mwana akuyamwa. Mwina unamvapo zimenezi ukukula. Bambo ako analumbira mpaka misozi, koma anawamwetsa mankhwala, anawanyoza pa bwalo la banja, ine ndili pomwepo chete. Tinataya masabata awiri ndi zimenezo. Pamene tinkafika kuchipatala, khungu la m'miyendo linali litayamba kusupuka. Kulakwa kwachitatu ndi kumeneko. Mwana akayamba kutupa kapena kufiira tsitsi, usadikire kuti akuluakulu amalize kukambirana kuti walakwa ndani. Bereka mwana, uyambepo. Mlandu adzakamba ukabwerako.

Anatigoneka m'chipinda cha ana onyentchera. Tsiku lina m'mawa anamwino ena aafupi, olankhula mofulumira, anatisonkhanitsa amayi tonse pa shedi yophikira. Anaphika phala la mgaiwa lolimba loti supuni kuyima. Anati, "Ndani mwana wake angameze ili?" Tonse tinapukusa mitu. Anaphula, anadikira pang'ono, anatenga kabotolo, kuthira supuni imodzi ya ufa wofiirira, nkutakasa. Tikuwona ndi maso athu phala lija linasungunuka, linayamba kuyenda, popanda dontho la madzi. Mayi wina wa ku Malingunde anafuwula, "Aaa, asisitala, mwathira chiyani, mankhwala a kunja?" Iwo anaseka nkuti, "A kunja kuti? Ndi chimera ichi, chomwe amuna anu amakupemphani ndalama ya sopo kuti akamwe." Amayi onse anagwa nacho chiseko. Ine ndinamva fungo lija, ndinalizindikira, ndinatuluka pa shedi nkukayima kuseri kwa thanki ya madzi.

Nditabwerera ndinamvetsera zonse, ndipo ndikulembera monga ndinamvera, chifukwa ndakhala ndikuzibwereza mumtima zaka zonsezi. Anati njere ikauma imakhala ili m'tulo, ndipo chakudya chake chimakhala chomangika. Ikanyowa nkuyamba kumera imadzuka, imayamba kukonzera kambewu kakang'ono zoti kakulire. Pamenepo mavitamini ena a gulu limene amati B amachuluka kuposa mmene analili m'njere youma, ndipo ena mwa amenewa ndi amene amateteza tizilonda ta m'mbali mwa milomo tija. Vitamini C, amene m'njere youma mulibe, amayamba kupezeka. Anatinso m'njere muli zinthu zimene zimagwira ayironi, uja wowonjezera magazi, kuti thupi lisamutenge, ndipo njere ikamera zinthu zimenezo zimachepa. Ndipo chimera chimasungunula phala, ndiye mwana amameza ufa wambiri m'kapu yomwe ija m'malo mwa madzi. Koma anachenjeza kuti vitamini C sapirira dzuwa ndi moto, wambiri amatha poyanika ndi pophika, choncho mwana azipatsidwabe papaya, mango kapena nthochi yofinya, ndipo m'phala muzilowa nsinjiro, dzira likapezeka, ndi masamba osinja. Anabwereza kawiri kuti chimera si mankhwala, ndi mthandizi chabe.

Limbani anamwalira tsiku lachisanu ndi chinayi tili komweko. Anamwino aja anandipeza ndikupinda zovala zake. Sindidziwa chimene chinandigwira, koma ndinawafunsa kuti, ndikanamupatsa chimera miyezi inayi yapitayo, akanakhala moyo? Anati, "Mayi, sindine Mulungu. Mwana samwalira ndi chinthu chimodzi. Koma akanafika kuno ali ndi mphamvu zomenyera." Sananame kuti anditonthoze, ndipo ndimawathokoza. Inenso sindikunamiza. Sindikunena kuti m'chitini chija muli moyo wa Madalo. Ndikunena kuti panali kanthu kamodzi kamene kanali m'manja mwanga, ndipo ndinakapatsa nkhuku chifukwa cha manyazi.

Mphatso atabadwa ndinayamba kumeretsa ndekha, ndipo pamenepanso ndinalakwitsa kangapo, ndiye tenga zolakwa zanga zikhale zako zaulere. Ulendo woyamba ndinkabisabe. Ndinamanga mawere onyowa m'jumbo nkukankhira pansi pa bedi. Nditamasula tsiku lachitatu anali atachita chuku, akununkha ngati nsapato yonyowa. Njere ikamamera imafuna mpweya. Za chuku zonse ndi zotaya, usayese kutsuka kapena kusankha, chuku chimawononga chiwindi cha mwana. Kumeneko ndiye kubisa kumene ndikukukaniza. Chimera chobisa chimawola. Uzichita chonchi. Peta mawere, uchotse timiyala ndi njere zofooka. Tsuka ndi madzi a pa mjigo. Viika kuyambira madzulo mpaka m'mawa. Khetsa madzi onse, yala pa lichero, fundika ndi nsalu yoyera yonyowa, uyike pamthunzi podutsa mphepo. M'mawa ndi madzulo uziwaza madzi pang'ono ndi kutembenuza ndi manja osamba.

Ulendo wachiwiri ndinaganiza kuti zikamera kwambiri ndiye kuti mavitamini achuluka kwambiri. Ndinasiya masiku asanu ndi limodzi mpaka lichero linabiriwira ngati nazale ya fodya. Ufa wake unali wowawa, Mphatso anaulavula, ndipo njere zinali zitaphwa chifukwa chakudya chonse chinathera m'masamba. Masiku awiri kapena atatu akwana, timizu tikangotalika ngati njere imodzi ya mpunga kapena kuposa pang'ono. Pamenepo yanika mopyapyala pa mkeka woyera mpaka njere izithetheka ukayiluma. Fikisa m'manja kuti timizu ndi timphukira tithothoke, upete, kenaka usinje kapena upite nazo kuchigayo. Usunge m'chitini chotseka, pouma, ndipo usapange wambiri nthawi imodzi. Umene ndakupatsawu ukaununkhize usanayambe kugwiritsa ntchito. Ukamveka chinyontho, taya, upange wina.

Zinthu ziwiri izi uzimvetse, ndakulembera mzere pansi. Choyamba, mapira. Ku Nathenje ukapeza mapira m'malo mwa mawere, dziwa kuti timphukira ndi timizu ta mapira tili ndi poyizoni. Alangizi a zaumoyo anatiwuza kusikelo kuti tizichotsa tonse bwinobwino, ndipo kwa mwana wamng'ono ndi bwino kungofuna mawere kapena chimanga. Ine mapira sindinayesepo, ndinawopa. Chachiwiri, usameretse mbewu yogula yopaka utoto, kapena chimanga chimene mwathira mankhwala a anankafumbwe. Ngakhale wina akuwuze kuti akatsuka zimachoka, kana. Ndipo pophika, phala likhale lolimba, uphule, lipole pang'ono, uthire kasupuni kamodzi, utakase mpaka lisungunuke, kenaka ubwezere pamoto liwirenso. Kuwiritsa kwachiwiriko usakudumphe ngakhale mwana akulira. Phala lotsala usasungire madzulo, umwe iweyo, ukuyamwitsa. Ndipo bere usamuchotse, phala likungowonjezera.

Mphatso ndi uyo ukumuwona, amanyamula ndowa ya malita makumi awiri osapumira panjira. Ndinkayanika chimera chake pabwalo penipeni, ndipo ukudziwa chimene chinachitika? Palibe. Mayi mmodzi yekha wa mu mpingo anayima nkufunsa kuti, "Kodi make Tiyamike, mwayamba bizinesi ya alamu anu?" Ndinati ndi za phala la mwana, anatiphunzitsa kuchipatala. Anati, "Ooo," nkupempha kuti ndimutapireko ka mdzukulu wake. Chinthu chimene ndinachiwopa mpaka kutaya mwana chinatha ndi "Ooo." Tsiku limenelo ndinalira kuposa pa maliro.

Azakhali ako anamwalira ndisanawawuze zowona. Ndinkapita kukawadwazika, ndinkawasambitsa, tsiku lililonse ndimati lero ndinena. Iwo mpaka kumapeto ankakhulupirira kuti chimera chawo chinalephera. Anandiwuza okha akudwala kuti, "Alamu, ana anga onse chinawathandiza, koma wa achimwene anga chinamukana. Kapena ndinakupatsani cha mowa wowawa?" Anafuna kundiseketsa. Ndinawakonzera pilo nkutuluka panja. Usadzasunge mawu mpaka mwini wake atapita, mwana wanga. Amalemera chaka ndi chaka.

Tsono za apongozi ako. Usakangane nawo, ndipo usatume amuna ako kuti akakunenere, mwamuna pakati pa mayi ake ndi mkazi wake amangokanda m'mutu. Ukafika, upume masiku awiri kapena atatu. Kenaka usankhe nthawi imene ali okha, ugwade, uyike chitini patsogolo pawo chotsegula. Unene kuti, "Amayi, ichi ndi chimera. Ndikudziwa simuchifuna pakhomo pano, ndipo sindinafune kuti muchipeze nokha. Ndi cha phala la mdzukulu wanu, amaphunzitsa kuchipatala. Ndiloleni ndiphike inu mukuwona." Uphike pamaso pawo, uwapatse alawe, awone kuti phala lophikidwa ndi kudyedwa nthawi yomweyo silingayimbe nyimbo. Ngati akufuna, chitinicho azisunga iwo m'chipinda mwawo, azikutapira okha. Ngati akukayika, uwapemphe mupitire limodzi kusikelo akafunse alangizi ndi pakamwa pawo. Ndi mayi wolera ana, ndipo Madalo ndi magazi awo. Ndikhulupirira kuti amva. Mawu akakuthawa monga amandithawira ine, uyang'ane mwana, usayang'ane iwo, uyambirenso.

Zina zonse za banja anakulangiza kale anamkungwi, ine sindiwonjezerapo. Uzilemekeza anthu, uzipemphera, uzidya mokwanira. Ine changa ndi chimodzi chomwechi.

Akakana ndithu, usabise ndipo usataye. Undidziwitse. Ndidzakwera njinga yamoto kuchokera pa Mitundu, ndidzagwada pamaso pa a Naphiri, ndidzawawuza za Limbani kuyambira pa lichero mpaka kuchipatala, monga ndakuwuzira iwe, amve ndi aliyense amene adzakhale pakhondepo. Sindinayambe ndalankhulapo pa anthu, koma ndidzabwera.

Chonde undiyankhe msanga, mwezi uno usanathe, Madalo asanalawe supuni yoyamba. Usayimbe pa foni ya bambo ako, nkhaniyi ndikufuna ndiwawuze ndekha. Ulembe kapepala upatse mayi wa tomato uja wa kwanuko amene amabwera pa msika wa Mitundu Loweruka, amandidziwa. Usavutike ndi mawu ambiri. Ungolemba kuti alola, kapena akana, ine ndidzadziwa choti ndichite.

Ndine mayi ako,
Nabanda